Synthesizer ya analogi ikakana kulira: malangizo kwa oimba ndi eni masitudiyo a kumudzi

Aliyense woimbira kwaya ku Nambuma, ku Nsaru kapena ku Kabudula amaidziwa kiyibodi ya Yamaha kapena Casio. Mumayatsa, mumasankha nambala ya liwu, mumadina sitayilo, nyimbo n'kuyamba. Koma pali chida china chimene m'bale wanu wa ku Joni angakutumizireni, kapena mnzanu wa situdiyo m'tauni angakubwerekeni. Ndi kabokosi kodzaza ndi mabatani opotokola, kumbali kwake kuli timabowo tambirimbiri. Imeneyo ndi synthesizer ya analogi, ya mtundu umene amati semi-modular. Kampani ya Korg inatulutsa MS-20 mu 1978, ya Moog inatulutsa Mother-32 mu 2015, ndipo Behringer inabweretsa Neutron mu 2018 pa mtengo wotsikirapo. M'kati mwake mulibe mawu ojambuliratu. Liwu limapangidwa nthawi yomweyo ndi magetsi, n'chifukwa chake bezi yake imamveka yonona, n'chifukwa chakenso chidachi chimafuna kuleza mtima.

Nthawi zambiri chikakhala chete sichinafe ayi, pali batani limodzi limene latseka njira. Chimene chimachipha zenizeni ndi magetsi olakwika, ndiye tiyambire pomwepo.

Magetsi

Musanalumikize kanthu, werengani zolembedwa pamene pamalowa adaputa. Neutron ndi Mother-32 zimafuna mavoti 12 a DC, pomwe MS-20 mini, yomwe ndi MS-20 yaing'ono, imafuna mavoti 9. Pafupi ndi nambalayo pali kachithunzi kosonyeza ngati pakati pa pulagi pamadutsa + kapena −. Pa Neutron ndi Mother-32 pakati ndi +. Maadaputa ambiri a mapedulo a gitala pakati amakhala −, ndipo pulagi yake imatha kulowa bwinobwino m'bowo lomwelo. Kulowa kwa pulagi si umboni woti adaputayo ndi yoyenera. Pamsika wa Namitete kapena wa Mpingu mukhoza kupeza adaputa yooneka mofanana, koma musagule chifukwa cha maonekedwe. Mavoti afanane ndendende, + ndi − zikhale malo ake, ndipo ma ampeya akhale ofanana kapena opitirira amene chidacho chikufuna.

Magetsi a ESCOM ndi mavoti 230. Ngati pa adaputa palembedwa 100–240V, palibe vuto. Chida chakale chochokera ku America chimatha kukhala cha mavoti 120 okha, ndipo chimenecho mukachilumikiza chimapsa nthawi yomweyo. Pulagi ya ku South Africa ya mano atatu ozungulira silowa mu soketi yathu. Gulani chosinthira chabwino, osati kusenda mawaya n'kuwakankhira m'soketi ndi timitengo ta machesi.

Kumene kulibe ESCOM, ambiri timadalira sola ndi batire, ndipo apa ndi pamene pagona chiyeso. Batire yalembedwa 12V, chida nachonso 12V, ndiye munthu amaganiza zongolumikiza. Musatero. Batire ikamachajidwa imakwera kupitirira mavoti 14, ndipo sola yokhayokha padzuwa la masana imatha kufika cha m'ma 20. Batire ikayamba kutha imatsika pansi pa 12, liwu n'kuyamba kusokonekera. Njira yabwino ndi kudutsira pa inveta ya pure sine wave n'kugwiritsa ntchito adaputa imene inabwera ndi chidacho. Mainveta otchipa a modified sine wave amalowetsa phokoso m'masipika ndipo amatenthetsa adaputa. Kaya pa ukwati kaya pa chinkhoswe, ngati mukugwiritsa ntchito jenereta, idikireni iyambe yakhazikika musanalumikize. Mvula ya ziphaliwali ikayandikira, zulani zonse pa soketi, kuzimitsa kokha sikukwanira.

Dziwani njira imene liwu limadutsa

Liwu limayenda ngati madzi mu ngalande ya kudimba. Limachokera pa kasupe, limadutsa pa zotsekera ziwiri, kenako limafika pa bedi, ndipo chotsekera chimodzi chikatsekeka kumunsi konse kumauma. Kasupeyo ndi oscillator, pena amalemba VCO kapena OSC. Chotsekera choyamba ndi filter, kapena VCF, imene imachotsa kuthwa kwa liwu. Chachiwiri ndi VCA, imene imatsegula ndi kutseka liwu lonse. Pali zinthu zina ziwiri zimene sizimveka pazokha koma zimalamula zinzake. Envelope imanena kuti liwu liyambe msanga kapena pang'onopang'ono, likhale nthawi yotani, lithe motani. LFO imagwedeza liwu mobwerezabwereza.

Zonsezi anazilumikiza kale m'kati, moti chidachi chimalira popanda kebulo ngakhale imodzi pa timabowo tija. Mukalowetsa kebulo pa bowo lolandira, nthawi zambiri mumadula njira ya m'katiyo n'kuika yanu. Ambiri amasokonekera pamenepa. Kebulo imodzi yoiwalika pa bowo, mbali inayo ikungolendewera, ikhoza kutseka pakamwa chida chonse.

Kutulutsa liwu loyamba

Zulani makebulo onse ang'onoang'ono. Tsitsani voliyumu ya chida ndi ya mikisa. Lumikizani bowo la OUTPUT ku mikisa pa malo a LINE, osati a MIC, chifukwa mphamvu yake ndi yaikulu ndipo pa MIC liwu limaphwanyika. Yatsani synthesizer poyamba, ampulifaya pomaliza. Pozimitsa yambani ndi ampulifaya.

Ngati chida chanu ndi Neutron, chilibe makiyi akeake, chimafuna kiyibodi ina yochilamula kudzera pa MIDI. Tengani kebulo ya mano asanu kuchoka pa MIDI OUT ya kiyibodi kupita pa MIDI IN ya synthesizer. Yang'anani kaye kumbuyo kwa kiyibodi ya kutchalitchi, chifukwa ma Yamaha PSR ang'onoang'ono a zaka zaposachedwa ali ndi bowo la USB lokha. Zida ziwiri zotere sizilankhulana mwachindunji pa USB, pamafunika kompyuta pakati kapena kabokosi kotchedwa USB MIDI host. MIDI ili ndi matchanelo 16, ndipo zida zonse ziwiri zikhale pa tchanelo imodzi. Yambani ndi 1. Pa Neutron tchanelo amasankhira pa timaswichi tinayi tating'ono tili kumbuyo.

Tsopano pa filter potokolani CUTOFF mpaka kumapeto kudzanja lamanja, RESONANCE kumanzere, ndipo pa envelope ATTACK pa ziro, SUSTAIN pamwamba. Dinani kiyi n'kukweza voliyumu pang'onopang'ono. Mumva liwu lakuthwa, losakoma kwenikweni. Zili bwino choncho, ndiye kuti njira yonse ndi yotseguka.

Musathamangire kuchuna. Zida za analogi zimafuna mphindi 15 kapena 20 kuti zitenthe m'kati liwu lisanakhazikike, makamaka m'mawa wa Juni ndi Julayi. Mapemphero akamayamba 8 koloko, chidacho chiyake anthu akusesa m'tchalitchi. Chikatentha, dinani A pa kiyibodi ya masiku onse, dinaninso A pa synthesizer, n'kupotokola TUNE mpaka mawu awiriwo asiye kugundana. Pulogalamu yochunira gitala ya pa foni imathandizanso, ingoonetsetsani kuti ili pa 440. Mu Okutobala, pansi pa denga la malata, muchunenso pakati pa mwambo.

Kuti mupeze bezi, tsitsani OCTAVE, sankhani funde la saw kapena square, bwezani CUTOFF kumanzere mpaka kuthwa kuchoke koma thupi la liwu litsale, kenako onjezani pang'ono mphamvu ya envelope pa filter kuti noti iliyonse iyambe ndi kakugunda. DECAY ikhale yaifupi. Kumbukirani kuti zida izi kawirikawiri zimaimba noti imodzi pa nthawi. Musayembekezere makodi operekezera kwaya, ntchito imeneyo ndi ya kiyibodi ija. Malo a synthesizer ndi pa bezi ndi pa kaliwu kotsogolera pakati pa mavesi, ndipo pamenepo, kunena zoona, PSR siingapikisane nayo.

Za makebulo lamulo ndi limodzi: kuchoka pa OUT kupita pa IN. Musalumikize OUT ndi OUT inzake. Yesani kaye kebulo imodzi, kuchoka pa LFO kupita pa bowo lolamula filter, mumve mmene liwu likutsegukira ndi kutsekeka lokha. Onjezani ina mukamvetsa chimene yoyamba yachita. Mukapeza liwu lokoma jambulani chithunzi cha mabatani onse ndi foni, chifukwa chidachi sichisunga. Mwana akangopotokola batani limodzi, liwu lija lapita.

Chikavuta

Chikakhala chete, musayambe kupotokola chilichonse chimene dzanja lafikapo. Onani kaye ngati nyali zikuyaka. Ngati sizikuyaka, vuto ndi soketi, adaputa kapena batire. Ngati zikuyaka, lowetsani mahedifoni. Liwu likamveka m'mahedifoni ndiye kuti chida chili bwino, fufuzani kebulo yopita ku mikisa ndi tchanelo yake. Likapanda kumveka, zulani makebulo onse ang'onoang'ono, kenako tsegulani VCA mokakamiza. Pa Neutron kwezani VCA BIAS, pa Mother-32 ikani swichi ya VCA MODE pa ON. Liwu likatuluka mosalekeza, oscillator ndi filter zili moyo, chimene chikusowa ndi uthenga wochokera ku makiyi, choncho bwererani ku MIDI ndi tchanelo. Likapanda kutulukabe, yang'anani CUTOFF, chifukwa ikatsikiratu imameza liwu lonse. Pa Neutron palinso batani la LEVEL pa gawo la overdrive, limene likakhala pa ziro palibe chimene chimadutsa. Batani limeneli lavutitsa anthu ambiri pachabe.

Mavuto ena ndi achidule. Liwu losafuna kusiya mutachotsa chala ndi VCA yotseguka ija kapena RELEASE yaitali. Kakuphulika kakang'ono kopanda noti ndi SUSTAIN ya pa ziro ndi DECAY yaifupi kwambiri. Likhweru lobaya m'makutu ndi RESONANCE yokwera mopyola, itsitseni msanga isanaononge timasipika ta mawu apamwamba. Liwu logwedezeka ngati loledzera ndi LFO imene yalowerera pa oscillator.

Kung'ung'udza kosalekeza m'masipika kawirikawiri kumachokera ku magetsi. Lumikizani synthesizer, mikisa ndi ampulifaya pa ekisitenshoni imodzi, talikitsani makebulo a mawu ndi inveta komanso machaja a foni, ndipo ngati kebulo yopita ku mikisa ndi yaitali ikanipo kabokosi kotchedwa DI box. Musadule waya wa ethi pofuna kuthetsa phokoso, mungaphetse munthu.

Ngati noti ya pansi ili bwino koma ya pamwamba ikuphonya, dikirani kaye chitenthe. Ngati mwalumikiza zida ziwiri pa makebulo ang'onoang'ono, dziwani kuti Moog ndi Neutron zimakweza octave imodzi pa voti iliyonse, pomwe MS-20 imawerenga mwa njira ina, ndiye sizingagwirizane mwachindunji.

Fumbi la misewu ya ku Kabudula ndi Nsaru kuyambira Ogasiti limalowa m'timabowo ndi pansi pa mabatani, batani n'kuyamba kukhwekhwereza mukamalipotokola. Lipotokoleni uku ndi uku kambirimbiri chida chili chozimitsa, nthawi zambiri limasiya. Pukutani ndi burashi youma ya penti, ndipo mukamaliza kuimba fundikani chitenje. Parafini, mafuta a njinga ndi madzi zisayandikire. Nthawi ya dzinja sungani pamalo okwera, pouma, kumene mphemvu ndi makoswe sizifika. Ponyamula pa kabaza zulani makebulo onse, chifukwa pulagi yotsalira ikagunda imathyola bowo m'kati.

Mukamva fungo la kupsa, mukaona utsi, kapena nyali zikakana kuyaka ndi adaputa yoyenera, zulani pa magetsi ndipo musayesenso. Pitani nacho kwa mmisiri wodziwa zida zoimbira ku Lilongwe, mutenge adaputa yomwe munkagwiritsa ntchito, mumufotokozere zonse zimene munayesa kale. Mumupemphenso kuti asapotokole timasikuluu tochunira ta m'kati ngati alibe buku la chidacho.