Kusiyana kwa pumbwa ndi mbalame ya m'nkhalango ya Thyolo

Mtolankhani: Kalata yoyamba yachokera kwa aphunzitsi ena a ku Luchenza. Akuti ana m'kalasi mwawo anamva za mbalame yotchedwa Thyolo Alethe, ndiye akufunsa ngati ili pachibale ndi pumbwa.

Katswiri: Zikomo aphunzitsi. Chibale chilipo, koma n'chakutali. Zonse ziwiri zili m'gulu lalikulu la Passeriformes, momwe muli mbalame zoimba, koma mabanja ndi osiyana. Pumbwa, uja wa mutu wakuda ndi nthenga zachikasu kunsi kwa mchira, ndi wa banja la Pycnonotidae. Thyolo Alethe ndi ya banja la Muscicapidae, ndipo dzina lake la sayansi ndi Chamaetylas choloensis. Mawu achiwiriwo akuchokera ku Cholo, momwe azungu ankalembera Thyolo pomwe mbalameyi inkalembedwa m'mabuku mu 1927. Ndi yofiirira kumsana, yoyera pakhosi.

Mtolankhani: Mayi wina wa ku Mulanje akuti pumbwa amamuona tsiku ndi tsiku pa mpapaya wake, koma inayo sanaionepo. Kodi inatha?

Katswiri: Sinathe mayi, koma ili pangozi. Bungwe la IUCN linaiika pa mndandanda wa zamoyo zomwe zingathe, pomwe pumbwa ali m'gulu losadetsa nkhawa. Pumbwa sasankha. Amadya mapapaya, tsabola, tizilombo, ndipo chisa amamanga ngakhale mu mtengo wa pakhomo. Munthu akalima munda, iye wapeza chakudya.

Inayi moyo wake ndi wina. Imakhala pansi, mu mthunzi wa nkhalango yowirira ya m'mapiri, ndipo imatsatira linthumbu. Linthumbu likamayenda, tizilombo timathawa m'masamba owuma, mbalameyo n'kumatola. Mukadula mitengo, dzuwa limawumitsa nthaka, linthumbu limachoka, nayonso imasowa podyera. Kumunda kwa chimanga singapite.

Padziko lonse imapezeka kumwera kwa Malawi ndi m'mapiri ochepa a ku Mozambique, monga Namuli, Chiperone ndi Mabu. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti phiri la Thyolo, lomwe linaipatsa dzina, nkhalango yake inadulidwa pafupifupi yonse. Ku Mulanje kwanuko mayi, macheka, makala ndi moto wolusa zikudya yotsalayo. Mukadzakwera phiri m'mawa n'kukumana ndi mzere wa linthumbu m'nkhalango, imani chapatali mwakachetechete, muyang'ane pansi pa zitsamba.

Mtolankhani: Tipume kaye ndi nyimbo, tikabwerako tiwerenga kalata ya ku Zomba.