Phunziro: Kusankha mbewu zokhalitsa za kadimba ka pamiyala

Ambiri a ife kuno kunyanja tili ndi kamalo kamiyala kuseri kwa nyumba kapena kumtunda kwa munda. Khasu likagunda pamenepo limangolira, ndiye timangopasiya kuti mbuzi zizidumphapo. Kuchokera ku Monkey Bay ndi ku Chembe mpaka ku Nkhata Bay, malo otere ndi ochuluka. Mu phunziro lino tiona mmene kamalo kameneka tingakasandutsire kadimba ka mbewu zokhalitsa, zija timabzala kamodzi n'kumakhala nazo zaka zingapo.

Chifukwa chake

Pamiyala dothi limakhala lochepa. Tikamalima chaka ndi chaka kuti tibzale chimanga kapena mtedza, timalimasula, ndipo mvula yoyamba imalikokolola. Dothi lomwelo likafika m'nyanja limadetsa madzi ndi kukwirira ndere za pamiyala zimene mbuna zimadya, komanso limasokoneza malo amchenga amene chambo chimakumba zisa zake. Choncho mlimi wataya nthaka, msodzi nayenso wataya nsomba, ndipo nthawi zambiri mlimi ndi msodziyo ndi munthu mmodzi yemweyo. Mbewu yokhalitsa siifuna kuti tizigalauza pansi chaka chilichonse. Mizu yake imagwira dothi mvula isanabwere n'komwe.

Choyamba: pimani malowo musanasankhe mbewu

Tisathamangire kukapempha mbewu kwa anzathu tisanadziwe malo athu. Pali zinthu zitatu zoti tipime.

Kuya kwa dothi. Tengani chitsulo kapena ndodo yosongoka, muzibaya m'mipata ya pakati pa miyala. Mupeza mipata ya mitundu itatu: ina yosaya, yosapitirira chikhatho, ina yofika m'chigongono, ina yoti mkono wonse n'kulowa. Ikani chizindikiro pa mpata uliwonse, chifukwa mbewu tizigawa potengera kuya kumeneku.

Kayendedwe ka madzi. Kumbani kadzenje, thiranimo ndowa imodzi ya madzi. Akalowa pansi msanga, malowo ndi abwino. Akakhala tsiku lonse ali chiimire, ndiye kuti pansi pali thanthwe lokhala ngati mbale, ndipo mbewu zambiri za pamiyala zikaolera pamenepo nthawi ya dzinja.

Dzuwa ndi mphepo. Mbali ya mwala yoyang'ana kumadzulo ndiyo imatentha kwambiri, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ndipo mwalawo umasunga kutenthako mpaka usiku. Mbali ya kum'mawa imalandira dzuwa lofewa. Kumbukiraninso mwera wa miyezi yozizira, umene umaumitsa masamba ndi kuthyola mbewu zazitali zimene zili poyera.

Chachiwiri: mbewu iliyonse pamalo pake

M'mipata yosaya ndi yotentha tibzale alovera. Mizu yake siipita patali, ndipo amasunga madzi m'masamba ake. Amadana ndi madzi oima, choncho akhale pamwamba, osati m'chigwa. Amabereka tiana m'mbali, timene timazula n'kukabzala pena. Madzi a m'masamba ake anthu amapaka pakhungu pamene papsa pang'ono, koma chilonda chachikulu ndi cha kuchipatala basi.

M'mipata yofika m'chigongono, makamaka mbali ya kum'mawa, tibzale udzu wa mandimu uja timaphikira tiyi. Timaubzala pogawa phata lake. Umafuna kuthirira pang'ono m'chilimwe, ndiye ukhale kufupi ndi nyumba kumene madzi otsukuluzira mpunga ndi ndiwo zamasamba angafike. M'mipata yomweyi mukhozanso kukhala tsabola wa kambuzi. Tikamamuthirira ndi kumudulira nthambi zouma, amatha kubereka zaka ziwiri kapena zitatu. Mpungabwe nayenso amachita bwino m'dothi losauka, ndipo akangokhazikika amadzimerera yekha kuchokera ku njere zake.

M'mipata yakuya tibzale nandolo ndi cham'mwamba. Nandolo ali ndi muzu wautali wofunafuna madzi pansi, amawonjezera chonde, ndipo tikamudula tikatha kukolola amaphukanso kwa zaka zingapo. Cham'mwamba chimamera ndi njere kapena ndi nthambi, ndipo masamba ake ndi ndiwo pa nthawi imene m'munda mulibe chobiriwira. Tisachilole kuti chitalike. Chikafika m'chifuwa mwa munthu wamkulu tichidule nsonga, kuti chichite nthambi zambiri, chisaphimbe zinzake, komanso mwera usachigwetse. Pa kadimba kakang'ono mitengo iwiri ya cham'mwamba yakwana.

Kumunsi kwa kadimba, kumene madzi amatulukira, tidzale mzere wa udzu wa vetiva mopingasa mtsetse. Ziphukira zake zitalikirane masentimita 10 mpaka 15 kuti mzere utsekane. Mizu ya vetiva imalowa pansi molunjika, ndipo pamene pali dothi lakuya imatha kupitirira mamita awiri. Safalikira m'munda ngati udzu wina, koma safuna mthunzi. Dothi lililonse lothawa kumtunda limaima pamzere umenewu, ndipo udzu wake tikaumweta timaphimbira pansi.

Chachitatu: mbewu zoti tizipewe

Si chilichonse chopirira chilala chimene chili choyenera. Mkuyu ndi kachere zimakonda miyala ndithu, koma mizu yake imang'amba thanthwe, maziko a nyumba ngakhale chitsime. Mlambe ndi bwemba ndi mitengo yabwino, koma malo ake si kadimba ka mapazi khumi. Nkhadze imapirira chilichonse, koma utomoni wake ukagwera m'diso la mwana ndi ngozi yaikulu, ndipo ndi poizoni kwa nsomba. Mthuthu, umene ena amati ombwe, umakonza nthaka, koma nawonso umapha nsomba, choncho ukhale kutali ndi gombe ndi mitsinje. Khonje amatchinga mbuzi ndipo amatipatsa zingwe, koma minga yake ndi yoopsa. Ngati tikumufuna akhale kumalire, kutali ndi posewerera ana.

Chachinayi: kakonzedwe ndi kabzalidwe

Miyala ikuluikulu isiyeni mmene ilili. Yomwe mukuwonjezera muikwirire pansi gawo limodzi la magawo atatu, ndipo ipendekere kumtunda, kuti madzi a mvula azibwerera kumizu osati kuthawira kumunsi. Mipata yonse itsekeni ndi dothi lotsenderedwa bwino. Mulu wa miyala wokhala ndi mphako ndi nyumba ya njoka ndi zinkhanira, ndipo sitikufuna zimenezo pakhomo.

Dothi lodzazira likhale la pamwamba, losakaniza ndi manyowa owola bwino. Ngati ndi lamakande, onjezerani mchenga. Mamba ndi matumbo a nsomba ndi manyowa amphamvu, koma ayambe awolera m'dzenje lokwiriridwa. Tikawaika aawisi amaotcha mizu ndi kuitana agalu odzafukula.

Konzani miyala mu Okutobala, koma musabzale ndi mvula yoyamba yongonyenga ija. Dikirani mpaka nthaka itanyowa mokwanira, kawirikawiri mu Disembala. Paja ndi nthawi yomweyi imene makoka ena amakhala atapachikidwa chifukwa nyanja yatsekedwa, ndiye manja ogwira ntchito alipo. Mukabzala, phimbani pansi ndi udzu wouma kapena timiyala ting'onoting'ono kuti chinyontho chisathawe.

Chachisanu: chaka choyamba

Mbewu yopirira chilala imayamba kupirira ikakhazikika, osati ikadali yanthete. M'chilimwe choyamba thirirani madzulo, madzi okwanira kamodzi kapena kawiri pa sabata, kusiyana ndi kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse. Madzi olowa pansi amakokera mizu pansi. Madzi a sopo wochapira asathiridwe m'kadimba.

Mdani wamkulu ndi mbuzi, makamaka zikamasulidwa pambuyo pa kukolola. Nandolo ndi cham'mwamba zimatha tsiku limodzi. Mpanda wa bango kapena wa minga uyambe waima mbewu zisanalowe. Moto wolusa nawonso tiusamale, polambula udzu wouma kuzungulira kadimba.

Mafunso okambirana pabanja

1. Pa malo athu amiyala, mipata yakuya ili pati, ndipo yosaya ili pati?
2. Mvula ikagwa, madzi ochoka pakhomo pathu amadutsa kuti asanafike kunyanja?
3. Ndani mwa achinansi athu ali ndi alovera, vetiva kapena udzu wa mandimu woti tingagawane?

Pafupifupi mbewu zonse tatchulazi sizifuna ndalama, zimangofuna kupemphana. Tiyambe ndi mipata isanu kapena isanu ndi umodzi chaka chino. Zimene zagwira tidzazigawe chaka chamawa, tidzazire mipata yotsalayo, ndipo mnzathu akadzapempha ziphukira tisadzamumane.