Phunziro 7: Kusiya Ntchito Kuti Tiziluka Pakhomo

Cholinga: Kuthandiza amayi oluka kuganiza mofatsa asanasiye ntchito yolipidwa.

Tione
Kuno kwa Likoswe alipo amayi amene amaluka majuzi, zipewa ndi mashawelo a makanda. Ena mwa iwo amagwiranso ntchito ya theka la tsiku m'nyumba za anthu ku Nguludi kapena ku Limbe, n'kumaluka madzulo atatopa. Ofuna majuzi akachuluka, mtima umati: "Ndisiye ntchito."

Tiganizire
Majuzi amayenda malonda mu Juni ndi Julayi, nthawi ya chiperoni. Nanga mu Okutobala? Malipiro a pamwezi, ngakhale achepe, amabwera ndi mu Januwale momwe, pamene nkhokwe zauma. Tisaiwalenso kuti ogula ambiri amathamangira juzi ya pakaunjika.

Tsono tiwerengere. Pa mtengo wa juzi tichotsepo ndalama ya ulusi ndi ya minibasi yokagulira ulusiwo. Zotsalazo tizigawe ndi masiku amene taluka. Kodi zikuposa malipiro a tsiku limodzi kuntchito?

Lamulo likuti chiyani?
Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 likuti wolandira pamwezi apereke notisi yolemba ya mwezi umodzi. Wosiya mwa kufuna kwake salandira ndalama zimene amapatsidwa wochotsedwa chifukwa cha kuchepa kwa ntchito, koma malipiro a masiku amene wagwira ndi ake ndithu.

Tichitepo kanthu
1. Tilembe m'kope zogula ndi zogulitsa kwa miyezi 12 tisanagamule.
2. Tisunge kaye mpamba wa ulusi ku banki m'khonde.
3. Tikambirane ndi a pabanja pathu: malonda akavuta, ana adzadya chiyani?