Masautso a Makolo ndi Mbiri ya Banja ku Tembwe

Tembwe ndi dziko la mfumu ina ya Asenga, m'cigwa ca Luangwa, m'boma la Chama. Nkhalamba za kumeneko zisunga nkhani zimene zinamva kwa agogo ao, koma zambiri sizinalembedwe. Nkhalamba ikamwalira osafunsidwa, mbiri ya banja ilowa nayo m'manda.

Makolowo sanali kuwerenga zaka ndi manambala ai. Anali kuzikumbukira ndi masautso amene anaona, ndipo masautso omwewo ndiwo athandiza mdzukulu kupeza nthawi ya cinthu ciri conse.

Poyamba anthu anakhala m'malinga poopa nkhondo za Angoni. Nkhondozo zitatha, Kampani ya British South Africa inaika msonkho m'caka ca 1901, masheleni 3 pa nyumba. Cifukwa ca kashembe, m'cigwamo munalibe ng'ombe zoti munthu agulitse. Cotero amuna anayenda pansi masabata ambiri kukafuna nchito ku Southern Rhodesia, ndipo pambuyo pace ku migodi ya mkuwa. Akazi anatsala okha, kulima usana ndi kucezera usiku popitikitsa njobvu m'munda. Amuna ena sanabwerenso. Ndiwo machona aja.

Kashembe yemweyo anabweretsa kaodzera, ndipo mtundu wa nthendayi wa m'cigwa ca Luangwa unadziwika kwa madokotala m'caka ca 1910. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna anatengedwa kukasenza akatundu a asilikali. Kumapeto kwa 1918 fuluwenza inapha anthu ambiri, ndipo m'zaka za m'ma 1930 dzombe linaononga minda.

Tsono agogo akanena kuti amai ao anabadwa pa nthawi ya fuluwenza, mdzukulu adziwa caka cace. Akanena kuti iwo eni anali atakwatiwa kale Zambia polandira ufulu, ndiye kuti 1964 isanathe.

Mdzukulu wanzeru apite kwa agogo madzulo, akhale pansi mwaulemu, nafunse maina a makolo, ciwongo cao, midzi imene anasamukamo, ndi kumene machona anatsirizikira. Alembe zonse m'kope, kenaka awawerengere kuti akonze polakwika. Asazengereze, pakuti mau a akulu akoma akagonera, koma wowanena sakhala masiku onse.