Phunziro: Dzina Limodzi pa Zipangizo Zambiri

Inu awerengi athu, taganizirani za WhatsApp. Pulogalamu imeneyi idayamba m'chaka cha 2009, ndipo poyamba inkakhala pa lamya ya m'manja basi. M'chaka cha 2014 kampani ya Facebook idaigula pa mtengo wa madola pafupifupi 19 biliyoni. Kodi ndalama zonsezo zidagula chiyani? Zidagula chizolowezi cha anthu, amene ambiri amaitsegula m'mawa asanasukusule n'komwe.

Koma munthu sakhala pa lamya tsiku lonse. Ku ofesi amatembenukira ku kompyuta. Eni ake adaona kuti akapanda kumtsata kumeneko, amalonda ena adzamlanda. Chotero m'chaka cha 2015 adatsegula WhatsApp Web, ndipo kuyambira 2021 adalola kulumikiza zipangizo zina zinayi, zogwira ntchito ngakhale lamya itazima. Makampani ena ambiri akutsata njira yomweyo.

Apa mpofunika kuchenjera ndithu. Mukalumikiza WhatsApp yanu pa kompyuta ya eni, nkuchoka osaitseka, aliyense wokhala pamenepo angathe kuwerenga makalata anu. Pitani pa "Linked devices" m'lamya yanu, ndipo muchotse chipangizo chilichonse chimene simuchidziwa.