Musanagule galimoto yamagetsi, yambirani pa soketi ya kunyumba kwanu

Kuyambira 2022, mizere ya galimoto pamalo omwetsera mafuta yakhala ikubwerabwera m'mizinda ya Malawi, ndipo gwero lake aliyense akulidziwa: petulo ndi dizilo timagula kunja ndi ndalama zakunja zomwe zikutisowa. Magetsi athu ambiri amapangidwa konkuno pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. N'zosadabwitsa kuti munthu wotopa ndi mizere akamva za galimoto yoyendera batire, mtima umam'thamanga. Ganizolo ndi labwino, koma ambiri amaliyambira kumchira. Amasankha galimoto pa intaneti, kulipira, za kotchajira n'kudzaziganizira galimoto ili kale pakhomo. M'dziko lomwe malo otchajira apagulu ndi owerengeka, galimoto yamagetsi imapindulira munthu amene angathe kuitchaja pomwe imagona. Mtundu wake, kukula kwa batire ndi mtengo wogulira, zonsezi zibwere pambuyo, ndipo malangizo ali m'munsimu atsata dongosolo lomwelo.

Ntchito yoyamba siifuna ndalama. Kwa milungu iwiri, lembani makilomita omwe galimoto yanu ya tsopano ikuyenda tsiku lililonse, kuphatikizapo ulendo wa kusukulu ya ana, kumsika, kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi kumaliro. Musadalire zongoganiza, pakuti m'mutu mumatsala maulendo ataliatali okha. Mukamaliza, tengani tsiku lomwe munayenda kwambiri pa masiku wamba, chiwerengero chakecho muchichulukitse kawiri. Yankho lomwe mwapezalo ndi mtunda womwe batire la galimoto yomwe mukufuna liyenera kukwanitsa likadzaza. Kuchulukitsa kawiriku kuli ndi chifukwa: ndiko kudzakupulumutseni usiku womwe magetsi adzazime musanatchaje, chifukwa mudzakhala ndi mphamvu ya tsiku lachiwiri.

Kenako khalani pansi ndi cholembera muwerengetse mtengo. Yuniti imodzi yomwe mumagula pa mita ya ESCOM ndi kWh imodzi, muyeso womwewo womwe amayezera batire la galimoto. Galimoto yaing'ono yamagetsi imadya mayunitsi 15 mpaka 18 pa makilomita 100, ndipo mukaonjezera mphamvu yomwe imatayika ngati kutentha potchaja, mita yanu idzachotsa mayunitsi pafupifupi 20. Galimoto ya petulo ya msinkhu womwewo, monga Toyota Vitz kapena Mazda Demio, imamwa malita 6 kapena 7 pa mtunda womwewo. Choncho lita imodzi ya petulo ikufanana ndi mayunitsi pafupifupi atatu. Mitengo ya zonse ziwiri imavomerezedwa ndi bungwe la MERA ndipo imasinthasintha, makamaka kwacha ikagwa monga inachitira mu November 2023, koma kawerengedweka sikasintha. Tengani lisiti lanu la mayunitsi, gawani ndalama zomwe munalipira ndi mayunitsi omwe munalandira, chulukitsani katatu, muyerekeze ndi mtengo wa lita lero. Kusiyana kwakeko muchulukitse ndi malita omwe mumagula pa mwezi. Samalani pano: ngati mayunitsi oyamba a mwezi mumawagula motsika mtengo, gwiritsani ntchito mtengo wa omalizawo, chifukwa galimoto idzadya oonjezera pamwamba pa omwe nyumba imadya kale. Amene amayenda pang'ono adzaona kuti phindu la pa mwezi ndi lochepa moti lingatenge zaka zambiri kubweza ndalama yoonjezera yogulira galimotoyo. Amene amayenda makilomita 50 kapena kuposa tsiku lililonse m'tauni ndiye wopindula weniweni.

Tsopano tifike pa soketi, pomwe pagona nkhani yonse. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230, ndipo pulagi ya mano atatu imakhala ndi fyuzi ya ma amp 13. Chingwe chotchajira chomwe chimalowa pa soketi wamba chimakoka ma amp 10, kutanthauza 2.3 kW. Mphamvu imeneyi ndi yofanana ndi ya ketulo yamagetsi, koma ketulo imazima pakangopita mphindi zochepa, pamene galimoto imakoka mosalekeza kwa maola ambiri. Soketi yotchipa, waya wopyapyala kapena sikuluwu yosamangitsa, zomwe zimapirira ketulo, zimatentha pang'onopang'ono mpaka kusungunuka, ndipo izi zimachitika usiku anthu ali m'tulo. Ndiye musanalipire kalikonse, itanani katswiri wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso chovomerezeka, osati mnyamata wongodziwa kulumikiza mawaya. Mum'pemphe zinthu zinayi: akoke waya wakewake kuchokera pa bokosi la mabuleka kufika pomwe galimoto imaima, wopanda china chilichonse cholumikizidwapo, aikepo buleka yakeyake yodula magetsi akayamba kudutsira pena, yomwe amaitcha RCD, ayeze waya wa earth ndi chida choyezera, chifukwa tchaja zambiri zimakana kuyamba earth ikakhala yofooka, ndipo aike chotetezera ku kukwera kwadzidzidzi kwa mphamvu, komwe kumachitika magetsi akamabwerera kapena kukamachita ziphaliwali. Chingwe choonjezera chodutsa pawindo kapena pamwamba pa mpanda musachiyese n'komwe. Ngati muli m'nyumba ya lendi, kambiranani ndi eni nyumba ndipo mugwirizane polemba. Ngati mita mumagawana ndi anzanu a pa poloti, dziwani kuti galimoto yoyenda makilomita 50 patsiku idzadya mayunitsi pafupifupi 300 pa mwezi, ndipo popanda mita yakeyake yaing'ono mkangano sungalephere.

Ogulitsa ena adzakuuzani kuti mugule tchaja yomangirira pakhoma ya 7 kW. Musafulumire. Pa 2.3 kW, maola asanu ndi atatu a usiku amalowetsa mayunitsi pafupifupi 18, okwanira makilomita 90 kapena kuposerapo, ndipo wa makilomita 50 patsiku amangofunika maola anayi kapena asanu. Tchaja ya 7 kW imakoka ma amp 32, zomwe zingagwetse buleka yaikulu ya nyumba sitovu ndi giza zikayaka pamodzi nayo, ndiye pafunika kufunsa kaye ku ESCOM ngati mzere wanu ungasenze. Komanso Nissan Leaf zambiri zakale zochokera ku Japan sizilandira zoposa pafupifupi 3.5 kW ngakhale tchaja ikhale yamphamvu bwanji. Pomwe tchaja yapakhoma imathandizadi ndi m'dera lomwe magetsi amayaka maola ochepa, chifukwa imatha kudzaza zambiri pa kanthawi kochepako, ngati galimotoyo ingalandire.

Apa pamabwera funso lomwe aliyense amafunsa, ndipo ndi lomveka: nanga kuzimazima kwa magetsi? Sitinaiwale zomwe zinachitika namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Koma taonani kusiyana kwake. Firiji ndi makina a kuntchito zimafuna magetsi nthawi yomweyo, pamene galimoto imasunga mphamvu, ndipo imangofuna kuti pa maola 24 papezeke anayi kapena asanu oyaka, nthawi iliyonse. Magetsi amaperewera kwambiri m'mawa ndi madzulo pomwe aliyense akuphika. Pakati pa usiku mzere umapepukidwa. Galimoto zambiri zili ndi wotchi yomwe mungaitchere kuti iyambe kutchaja cha m'ma 10 koloko usiku, ndipo potero simulimbirana mphamvu ndi sitovu yanu kapena ya anansi. Chomwe chingakugwetseni ndi vuto la masiku angapo, monga thiransifoma ikapsa kapena kubedwa. Pa chifukwa chimenechi, pezani malo achiwiri otchajira, kuntchito kapena kwa wachibale wa mzere wina, musanawafune. Jenereta isakhale chiyembekezo chanu cha tsiku ndi tsiku: yaing'ono ya petulo imatulutsa mayunitsi osapitirira awiri pa lita, ndiye mafuta omwe mumathawa aja mudzawaotcha ndithu, mwinanso ochulukirapo. Sola ndi yabwino, popeza mapanelo a 1 kW amapereka mayunitsi anayi kapena asanu patsiku la dzuwa, koma dzuwa limawala galimoto ili kuntchito. Kutchaja usiku kuchokera ku mabatire a sola a m'nyumba kumafuna mabatire aakulu odula, ndiye njira yanzeru ndi kutchaja masana, kumalo a ntchito kapena pa Loweruka ndi Lamulungu.

Mukatsimikiza za kotchajira, ndiye nthawi yosankha galimoto, ndipo pogula yogwiritsidwa kale ntchito chomwe mukugula kwenikweni ndi batire. Titenge Nissan Leaf, yomwe imapezeka kwambiri pa misika ya galimoto zakale ku Japan ndipo chiwongolero chake chili kumanja monga timafunira kuno. Yoyamba inatuluka mu December 2010 ndi batire la 24 kWh, kenako kunabwera la 30 kWh, ndipo mu 2017 kunatuluka mtundu watsopano wa 40 kWh. Pa dashibodi ya zakalezo pali timizere 12 tosonyeza thanzi la batire, tosiyana ndi tosonyeza kudzaza kwake. Kamzere koyamba kamazima batire likatsala ndi pafupifupi 85 peresenti ya mphamvu yake yoyamba. Leaf ya 24 kWh yotsala ndi timizere 8 ingayende makilomita 80 kapena 90 basi, ndipo mtengo wake wotsikawo ndi umene umakopa anthu. Pemphani wogulitsa chithunzi cha timizereti, ndipo ngati n'kotheka akutumizireni chiwerengero cha thanzi la batire, chomwe amachitcha SOH, chochokera pa pulogalamu ya pafoni ya LeafSpy, yomwe imawerenga batire lenilenilo. Akakana, musiyeni. Dziwaninso kuti batire la mitundu ya Leaf imeneyi lilibe madzi oliziziritsa, ndipo kutentha kumalikalambitsa msanga. Ku Dedza kapena ku Mzuzu izi sizodetsa nkhawa kwambiri, koma wokhala ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi kapena Karonga aganizire galimoto ya batire loziziritsidwa ndi madzi, ndipo aziimika pamthunzi. Batire limakhala pansi pa galimoto, choncho ngati msewu wopita kwanu uli ndi miyala yotuluka, maenje akuya kapena umadutsa pamadzi nthawi ya dzinja, yezani kutalika kwa galimoto kuchokera pansi musanaitanitse.

Pali tinthu tiwiri tomwe timaiwalika mpaka galimoto itafika padoko. Choyamba ndi polowetsera chingwe, pomwe sipafanana. Za ku Japan zimakhala ndi Type 1 potchaja pang'onopang'ono ndi CHAdeMO potchaja mofulumira. Zambiri za ku Europe ndi South Africa zimakhala ndi Type 2 ndi CCS2. Zopangidwira msika wa ku China zimakhala ndi GB/T. Chingwe chobwera ndi galimoto ya ku Japan chinapangidwira mavoti 100 kapena 200 a kumeneko, ndiye gulani china cha mavoti 230 chogwirizana ndi galimoto yanu, m'malo mongodula pulagi n'kulumikiza yakuno. Chachiwiri ndi ulendo wochokera padoko. Galimoto ya petulo dalaivala amaiyendetsa kuchokera ku Dar es Salaam mpaka pa chipata cha Songwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 900, koma Leaf yakale singathe ulendo umenewo. Iyenera kukwera thiraki yonyamula galimoto, ndipo ndalama yakeyo muiphatikize pa bajeti. Za msonkho funsani ku MRA musanalipire, akuuzeni zomwe zikugwira ntchito chaka chimenecho pa galimoto zamagetsi.

Ena amati galimoto yosafika ku Blantyre kuchokera ku Lilongwe si galimoto. Pamenepa pali choona. Mtundawo ndi woposa makilomita 300, pamene Leaf ya 40 kWh imayenda cha m'ma 200 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo liwiro la pa M1 ndi zitunda za ku Dedza ndi Ntcheu zimachepetsanso. Ngati ulendowu mumauyenda mlungu uliwonse, galimoto ya batire laling'ono si yanu. Ganizirani ya batire lalikulu kapena ya hybrid. Koma ngati mumauyenda kawiri kapena katatu pa chaka, kukwera basi kapena kubwereka galimoto masiku amenewo n'kotchipa kusiyana ndi kugula petulo chaka chonse chifukwa cha maulendo atatu. Enanso amadandaula za amakaniko. Galimoto yamagetsi ilibe oyilo wa injini, mapulagi, kilachi kapena ekizozi, ndipo mabuleki ake amakhalitsa chifukwa mota imathandiza kuchepetsa liwiro n'kubwezera mphamvu m'batire. Matayala, masipuling'i ndi batire laling'ono la mavoti 12, lomwe likafa galimoto siyaka ngakhale lalikulu lili lodzaza, makaniko aliyense angakonze. Zomwe sayenera kukhudza ndi mawaya a mtundu wa lalanje, omwe amanyamula mavoti oposa 300 ndipo angaphe munthu. Fufuzani amene anaphunzira ntchito imeneyi m'dera lanu musanagule, ndipo gawo la ndalama yomwe mukupulumutsa pa mafuta muziisunga padera mwezi ndi mwezi, chifukwa batire lidzafooka ndithu ndipo kulisintha n'kodula.

Galimoto ikafika, zizolowezi zake ndi zochepa. Pa masiku wamba tchajani kufika cha m'ma 80 peresenti, ndipo dzazani pokhapokha mukukonzekera ulendo, kupatula ngati batire lanu ndi la mtundu wa LFP, monga la galimoto zambiri za BYD, lomwe limalola kudzazidwa. Musaisiye kwa milungu ili yodzaza kapena yotheratu. M'milungu yoyamba, khudzani pulagi pakapita ola limodzi ikutchaja. Ikakhala yotentha moti simungaigwire, zimitsani ndipo muitane katswiri wa zamagetsi uja. Ngati muli ndi mpanda, mita yanuyanu, mawaya oyezedwa ndi maulendo a m'tauni osapitirira theka la batire, gulani mosakayika. Ngati chimodzi mwa izi palibe, yambani mwakonza chimenecho, galimoto idikire.