Mundibwezere ya kale ija

Pa madandaulo onse amene okonza mafoni amamva tsiku ndi tsiku, pali limodzi limene ena mwa iwo amalilandira ndi manja awiri: "Foniyi inali bwinobwino, yayamba misala nditangopanga apudeti. Mundibwezere ya kale ija." Wodandaulayo amakhala akuganiza kuti ndi kantchito ka mphindi zochepa, kuti penapake m'kati mwa foni muli batani lobwerera m'mbuyo limene iye sakulidziwa chabe. Batani limenelo mulibe. Sikuti opanga mafoni anachita kuiwala ayi, anasiya dala.

Alamu anga ena amachita geni ya zitenje ndi nsapato, ndipo sitolo yawo ndi WhatsApp. Katundu akafika amamujambula n'kutumizira makasitomala, maoda amabwera momwemo, otenga pa ngongole amalemba momwemo tsiku limene adzalipire. Ndiwonso mlembi wa banki m'khonde ya kudera kwawo. Usiku wina foni inawauza kuti kwabwera apudeti, ndipo poona kuti bandulo ya usiku ingopita pachabe, anadina kuvomera n'kugona. Kutacha anapeza foni yasintha nkhope. Zinthu zimene ankazipeza atatsinzina zasamuka malo, foni ikutentha m'chikwama, batire imene inkafika madzulo ikutha dzuwa lisanafike paliwombo.

Sanagone nazo. Anakwera minibasi kupita kumsika, kwa mnyamata wina wa kabenchi, laputopu ndi zingwe za mafoni zolendewera pa msomali.

"Achimwene, mundibwezere mmene inalili."

"Zazing'ono zimenezo mayi, tingoiflasha basi. Kagulani kaye zanuzo, pobwera muipeza yatheka."

Mnyamatayo sanafunse ngati zithunzi ndi manambala anazisunga kwina. Iwonso sanafunse kuti kuflasha n'kutani, ndipo paja safunsa anadya phula. Iye anakopera pa intaneti firmware yakale, pulogalamu yoyendetsa foniyo, n'kutsegula SP Flash Tool, pulogalamu imene amisiri amaflashira mafoni a tchipu cha MediaTek. Atayesa njira yofatsa ya Download Only pulogalamuyo inakana, ndiye anasankha njira ina, yolembedwa Format All + Download. Mzere wachikasu unayenda mpaka kumapeto, chizindikiro chobiriwira chinatulukira, foni inayaka ili ndi nkhope yake yakale ija. Alamu analipira akumwetulira.

Ali m'minibasi anayesa kuimbira kunyumba, foni osalowa. Simu zonse ziwiri zinalimo, koma netiweki panalibe ngakhale kamzere kamodzi. Mwana wawo atalemba *#06# madzulo ake, pamene panayenera kutuluka nambala ya manambala 15 panatuluka mawu akuti IMEI ndi yolakwika. Nambala imeneyi ndiyo chiphaso cha foni pa netiweki, ndipo pa mafoni a MediaTek imakhala m'kagawo kotchedwa NVRAM, limodzi ndi zina zothandiza foni kulankhulana ndi nsanja. Format All simasankha. Imasesa zonse, chiphaso chomwe.

Za zithunzi ndiye musafunse. Manambala a makasitomala, mauthenga a ongongola, zithunzi za masamba a kope la banki m'khonde, zonse zinapita. WhatsApp inkasunga mauthenga ku akaunti ya Google, inde, koma akauntiyo anawatsegulira ndi mnyamata wa m'sitolo imene anagulamo foni, ndipo pasiwedi anaiiwala tsiku lomwelo. Ndalama za pa foni zokha ndi zimene zinapulumuka, popeza zimakhala pa nambala osati m'foni. Ena mwa ongongola aja ndi anthu oopa Mulungu, anabweza okha. Ena mpaka lero akuti sakukumbukira kuti anatengapo chitenje.

Mwamwayi katoni ya foni inali ikadali pansi pa bedi, ndipo mmisiri wina anabwezeretsa IMEI yolembedwa pakatonipo, kwa ndalama zinanso. Chopweteka kwambiri chinabwera pambuyo. Mnzawo wa m'gulu amene ali ndi foni ngati yomweyo anawauza kuti yakenso inatentha itangolandira apudeti, koma patapita masiku angapo inakhazikika yokha. Ndipo foni ya alamu, itangoona intaneti, inayambanso kuwakumbutsa kuti pali apudeti yoyembekezera. Yomwe ija.

Komabe iwo anachita mwayi, chifukwa foni yawo inayaka. M'mwezi wa Julaye 2018 anthu ambiri amene anali ndi Redmi Note 5 Pro ya kampani ya Xiaomi sanauone mwayi umenewo. Kampaniyo inaika mu apudeti ya pulogalamu yake ya MIUI chinthu chotchedwa anti-rollback, ndipo amene anayesa kubwerera ku pulogalamu yakale, monga mmene ankachitira kale popanda vuto, anangoona foni yazima osayakanso. Kuiukitsa kunkafuna njira yapadera yotchedwa EDL, imene inkatheka ndi akaunti yovomerezedwa ndi kampani yokha. Amene anali kutali ndi malo okonzera mafoni a kampaniyo anatsala ndi chinthu chakufa m'manja.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. M'foni mumakhala kanambala kamene kamangokwera, sikatsika. Apudeti ina ikafika imakakweza, tinene kuchoka pa 3 kufika pa 4. Kuyambira pamenepo foni ikamayaka imayamba yaona kaye nambala ya pulogalamu imene yaikidwamo, ndipo ikapeza 3 imakana kupitirira. Pa mafoni ena nambalayi imaotcheredwa m'tchipu momwe, moti palibe kompyuta imene ingaifufute. Zili ngati mono: nsomba imalowa mosavuta, koma pakamwa pake anapaluka moti yalowa yalowa. Google inaika chitetezo chimenechi mu Android kuyambira pa Android 8, m'chaka cha 2017, ndipo kampani iliyonse imasankha nthawi yochigwiritsa ntchito.

Chifukwa chake si nkhanza zokha, ngakhale wokwiya amaona choncho. Pulogalamu yakale imakhala ndi ziboo zimene zinadziwika kale, ndipo apudeti imabwera kudzazitseka. Kukanakhala kuti aliyense atha kubwezeretsa yakale, mbava yokuberani foni ikanangoikamo pulogalamu yoboka ija n'kulowera pachiboo chodziwikacho kukafika ku zithunzi ndi mapulogalamu anu a banki. Ndicho chifukwa chake mu Ogasiti 2022, pamene Android 13 inafika pa mafoni a Google a Pixel 6, Pixel 6 Pro ndi Pixel 6a, Google inachenjeza poyera kuti wolandira apudetiyo sadzathanso kubwerera ku Android 12.

Samsung imachita zomwezo koma mwaulemu pang'ono, ndipo mutha kudzionera nokha. Tsegulani pamene palembedwa za foni yanu muone nambala yaitali ya pulogalamu. Werengani kuchokera kumapeto, muime pa chilembo chachisanu. Mwachitsanzo, ngati ikuthera ndi 5CWK2, ndiye kuti foni yanu ili pa 5. Firmware iliyonse imene pamalo pomwepo pali 4 kapena kucheperapo siilowa. Odin, pulogalamu yoflashira Samsung, imaima, ndipo pa foni pamatuluka mawu akuti SW REV CHECK FAIL. Apa ndi pamene mmisiri wa changu amayamba kunena kuti "pali njira ina", yotsegula bootloader n'kuikamo pulogalamu yosachokera ku kampani. Njira imeneyo imafufuta zonse za m'foni, komanso imaotcha kafyuzi ka chitetezo ka Knox kamodzi n'kamodzi. Kakapsa kapsa: Secure Folder ndi Samsung Wallet sizigwiranso ntchito, ndipo mapulogalamu ena a banki amakana kutseguka pa foni yotereyo.

Kwa a iPhone nkhani ndi yaifupi. Pulogalamu iliyonse imene mukuika imayamba yapempha chilolezo ku makompyuta a Apple, ndipo yatsopano ikatuluka, chilolezo cha yakale chimatsekedwa pakangopita sabata imodzi kapena ziwiri. iOS 26 inatuluka pa 15 Sepitembala 2025 ndi maonekedwe ake onga galasi amene ambiri sanawakonde. Mwezi womwewo usanathe, khomo lobwerera ku iOS 18 linali litatsekedwa. Ngakhale wothamangira khomo lisanatsekedwe amakumana ndi msampha wina: zimene munasunga foni ili kale pa pulogalamu yatsopano sizibwerera pa yakale. Choncho munthu akakuuzani kuti pa mtengo wakutiwakuti akubwezerani iOS ya chaka chatha pa iPhone ya masiku ano, gwirani chikwama chanu.

Sindikunena kuti makampani ndi angelo, kapena kuti aliyense wodandaula ndi apudeti akungolota. Mu Disembala 2017 Apple inavomera kuti apudeti zake zinkachepetsa liwiro la ma iPhone a mabatire otopa, eni ake osauzidwa. Mu Febuluwale 2020 dziko la France linailipiritsa chindapusa cha mayuro 25 miliyoni, ndipo china chimene akuluakulu akumeneko anatchula chinali chomwechi, chakuti anthu analibe njira yobwerera ku pulogalamu yakale, moti ambiri anakakamizika kugula batire kapena foni ina. Kwa ine, kampani imene ikutseka khomo lobwerera ili ndi udindo wonena momveka wogula asanadine, osati kubisa m'timalemba tating'ono timene palibe amawerenga. Pa zimenezi ambiri amalephera.

Koma taonaninso nkhani ya Pixel 4a. Mu Januwale 2025 Google inatumiza apudeti imene inafooketsa batire ya ena mwa mafoniwa mpaka eni ake kulira, ndipo inachotsa pa tsamba lake mapulogalamu akale oti munthu abwerereko. Inapereka mwayi wosinthitsa batire kapena kulandira madola 50. Anthu anakwiya, ena anafunafuna njira zozembera. Pambuyo pake boma la Australia linalengeza kuti mabatire a mafoni amenewa anali pa chiopsezo chotentha mopitirira muyeso. Amene anakwanitsa kuzemba apudetiyo anapambana batire yokhalitsa, yoti itha kuyaka ili pa tchaja pafupi ndi pilo.

Kwathu kuno ngozi ndi yokulirapo, pa zifukwa zimene tonse tikuzidziwa. Mafoni ambiri ndi ogula kwa mnzathu, otumizidwa ndi abale a ku Joni, kapena otenga pa ngongole yolipira pang'onopang'ono. Dzina la foni likhoza kufanana koma za m'kati n'kusiyana malinga ndi dziko limene inapangidwira, ndipo firmware ya mbale wake ikalowa, sikirini imada kapena kusiya kumva chala. Magetsi akhoza kuthima ntchito ili pakati pomwe batire ya laputopu inafa kalekale. Firmware yokopera pa masamba osadziwika palibe angalumbire kuti simunabisalemo kanthu. Ndiye pali loko wa Google, amene alipo kuyambira pa Android 5.1: foni ikafufutidwa mwa njira zina, imafuna akaunti ndi pasiwedi imene inalimo poyamba isanalole chilichonse. Ngati akauntiyo ndi ya mwini wake wakale, kapena ya mnyamata wa m'sitolo, mwadzitsekera panja ndi foni yanu yomwe. Amene foni yawo ndi ya ngongole asayese n'komwe, chifukwa kuigwiragwira m'kati ndi kuphwanya pangano pamene ngongole ikadalipo.

Amisiri odziwa ntchito alipo, ndipo amadziwika ndi mafunso awo. Amafunsa ngati mwasunga zinthu zanu kwina, amaona nambala yeniyeni ya foni, amakopera NVRAM pambali asanakhudze kanthu, ndipo nthawi zina amakubwezani kunyumba osatenga ndalama. Amene amangoti "zazing'ono" asanaione n'komwe foniyo, muopeni.

Nanga apudeti ikakusokonezani mutani? Choyamba dekhani. Masiku oyamba foni imakhala ikusanja mafayilo ndi kukonzanso mapulogalamu onse kuti agwirizane ndi pulogalamu yatsopano, n'chifukwa chake imatentha ndi kudya batire. Ipatseni masiku angapo, izimitseni n'kuiyatsanso, pangani apudeti ya mapulogalamu anu ku Play Store kapena ku App Store, muone pa gawo la batire kuti ikudya moto kwambiri ndi iti. Nthawi zambiri wolakwa amakhala pulogalamu imodzi, kapena batire imene inali itatopa kale ndipo apudeti yangoiulula. Vuto likakhala la kampani, kawirikawiri pamabwera apudeti ina yaing'ono yokonza. Zikakanika zonse, kufufuta foni kudzera m'masetingi ake omwe, mutasunga kaye zanu, kumathetsa zambiri popanda kukhudza IMEI.

Mphamvu yanu yeniyeni ili pa nthawi imene simunadine. Apudeti zazing'ono za chitetezo zilandireni, ndi zimene zimatseka ziboo zija. Koma yaikulu, yosintha nambala ya Android kapena ya iOS, palibe akukuthamangitsani. Dikirani sabata ziwiri mumve kaye kwa amene ali ndi foni ngati yanu. Ndipo lero lomwe, musanagone, yesani kulowa mu akaunti yanu ya Google kapena ya Apple pa foni ina muone ngati pasiwedi mukuidziwadi, lembani *#06# mukopere IMEI m'kope, ndipo muonetsetse kuti manambala ndi mauthenga anu akusungidwa ku akaunti imene ndi yanuyanu.